Tsiku limene mtima wanga unasamukira kumanja

Popeza mayi a kunyumba aulutsa kale nkhaniyi, ndipo ena mwa inu mwayamba kundiimbira foni m'mamawa kungofuna kufunsa kuti "adokotala, lero mtima wadzukira mbali iti?", ndi bwino ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga. Sindinakomoke. Sindinagwe pampando. Zoti ndinapempha madokotala a ku America kuti andipime kudzera pakamera ndi bodza lamkunkhuniza. Ndinangowafunsa maganizo, monga mmene madokotala timafunsirana.

Musanaseke, dziwani kuti munthu wofika pa intavyu yofunsira malo ophunzirira radiology (udokotala wowerenga zithunzi za m'thupi monga X-ray) ku America amakhala atatheratu kale. Walemba mayeso a udokotala a ku America, USMLE Step 1, walemba Step 2 CK, ndipo poti kuyambira 2022 pa Step 1 amangokuuza kuti wakhoza kapena walephera, maso onse ali pa nambala ya Step 2 ija. Ngati udokotala unauphunzira kunja kwa America, palinso satifiketi ya ECFMG, bungwe lotsimikizira madokotala ophunzira kunja, yoti uithamangire. Mu Seputembala umaponya zonse mu ERAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo: makalata okuikira umboni, amene sapitirira anayi pa pulogalamu ya maphunziro iliyonse, ndi kalata yakoyako yofotokoza chifukwa chake chibadwire wakhala ukulota zokhala m'chipinda chamdima n'kumayang'ana mapapo a anthu osawadziwa. Kuwonjezera apo, radiology yakeyo ndi ya zaka 4, koma malo ambiri safuna munthu amene sanagwire kaye chaka chimodzi m'mawodi, ndipo chaka chimenecho umachifunsira padera, ndi maintavyu akenso. Kuli ngati kufunsira mbeta ziwiri mwezi umodzi, n'kukuuza kuti zikapanda kulola zonse ukwati palibe. Munthu wotere ubongo ukaterereka pang'ono muzimupatsa madzi akumwa, osati mayina.

M'kalata yangayo ndinalemba kuti ndili ndi diso loona tinthu timene ena amadumpha. Chiganizo chimenechi chinandisangalatsa kwambiri moti ndinachibwerezanso kumapeto kwa kalata.

Kuyambira 2020 maintavyu ambiri amachitika pavidiyo, choncho khoma la kumbuyo kwako nalonso limafunsidwa ntchito. Anzanga amaika shelefu ya mabuku amene sanawatsegulepo. Ine ndinati ayi, ndichite zoposa pamenepo: filimu ya X-ray ya pachifuwa, yowala kumbuyo kwa phewa langa. Masiku ano zithunzi zimawerengedwa pakompyuta, filimu yogwira ndi manja ikusowa, ndiye ndinaona kuti akuluakuluwo akaiona adziwa kuti mnyamatayu amalemekeza kumene ntchitoyi yachokera. Ya wodwala sindikanaika, chifukwa pamakhala dzina la munthu ndipo ndi chinsinsi chake. Mfundo imeneyi palibe mwa inu amene akuitchula, koma ndi yoyenera kuwomberedwa m'manja. Ndinatenga yanga, imene anandijambula pondipima ndisanayambe ntchito. Ndinabwereka sikirini yakale, kutsegulapo tsamba loyera, kumata filimu ndi selotepi, kuzimitsa getsi limodzi. Nthiti zinaoneka mbee, zokongola, zosachititsa manyazi.

Patangotsala mphindi zochepa ndinatsegula kamera kuti ndione ngati tayi yakhala bwino. Tayi inali bwino. Mtima wa pafilimu ndi umene unali mbali yolakwika.

Kwa inu amene simuli a zachipatala: X-ray ya pachifuwa imawerengedwa ngati wodwalayo waima moyang'anana nawe. Kumanzere kwake kuli kumanja kwako, ndiye mtima umaonekera chakudzanja lamanja la chithunzi. Pasikirini yanga unali kumanzere. Ngakhale chilembo L, chimene ojambula amaika pakona kusonyeza mbali, chinali chitayang'ana kumbuyo. Ndinadumpha, kumatula filimu, kuitembenuza, kuimatanso, kukhala pansi, kuyang'ana pakamera. Zonse zili m'malo mwake. Ndinapuma mpweya wautali n'kudziuza kuti diso lija lapulumutsa mwini wake.

Chimene chinandichoka m'mutu n'chakuti mapulogalamu a vidiyowa amakuonetsa iwe wekha ngati waima pakalilole, pomwe anzako kutsidyako amaona zinthu mmene zilili. Filimu inali bwino poyamba paja. Ndinaikonza mpaka kuiwononga.

Anali atatu: mayi wamkulu woyang'anira pulogalamu, bambo wina wa imvi mutu wonse, ndi mnyamata amene ali mkati mwa maphunzirowo. Poyamba zinayenda ngati ndalodza. Anandifunsa za makompyuta anzeru aja, ngati sadzatilanda ntchito. Funso limeneli ndinalikonzekera usiku ndi usana. Ndinawakumbutsa kuti mu 2016 Geoffrey Hinton ananena kuti anthu asiye kuphunzitsa ma radiologist poti makina awaposa pasanathe zaka zisanu, koma zakazo zinadutsa ndipo zipatala zikusakabe ma radiologist. Ndinamaliza ndi mawu akuti palibe makina amene angalowe m'malo mwa diso la munthu wosamala. Mayi uja anagwedeza mutu n'kulemba. Ndinkadziona kale nditanyamula chikwama pabwalo la ndege.

Kenako bambo wa imvi uja anasendera kufupi ndi kamera yake, kutsinzinira diso limodzi, n'kunena kuti, "Dokotala, filimu ili kumbuyo kwanuyo yandikumbutsa unyamata wanga. Tatiwerengerani."

Ndinali nditakonza chiganizo chimodzi chokha, chachifupi, chakuti chifuwachi chilibe vuto. Ndinazungulitsa mpando monyada kuti ndiloze ndi cholembera. Ndipo pamenepo, ndi maso angawa, popanda kamera pakati, ndinaona mtima uli kumanja kwa wodwala. Nsonga yake yaloza kumanja. Kampweya ka m'chifu, kamene kamakhala pansi pa mapapo chakumanzere, kali kumanja. Mthunzi wa chiwindi uli kumanzere.

Munthu wodekha akanakumbukira kuti mphindi zingapo zapitazo anali ndi selotepi m'manja. Koma ine si munthu wodekha, ndine munthu amene waloweza matenda osowa kwa zaka zambiri popanda womufunsa. Pakamwa panatsegula pokha.

Ndinawauza kuti uyu ndi wodwala wa situs inversus totalis, amene ziwalo zake zonse za m'chifuwa ndi m'mimba zinasinthana mbali. Ndinati zimapezeka pafupifupi mwa munthu mmodzi pa anthu 10,000. Ndinati ambiri amakhala moyo wawo wonse osadziwa, mpaka tsiku limene appendix yawawa kumanzere n'kusokoneza dokotala wa opareshoni. Palibe anandidula, ndiye ndinalowa mkati. Ndinatchula Manes Kartagener, amene mu 1933 anafotokoza za anthu okhala ndi zinthu zitatu pamodzi: ziwalo zosinthana mbali, matenda osatha a m'mphuno, ndi njira za mpweya zotakasuka m'mapapo. Ndinafotokoza kuti gwero lake ndi tiubweya tating'onoting'ono ta m'njira za mpweya timene sitikupiza bwino, ndipo pafupifupi theka la anthu a vuto la tiubweyali ziwalo zawo zimakhala zosinthana. Ndinaloza mpaka pansi pa mapapo n'kunena kuti ndikuonapo kenakake kokayikitsa. Panalibe kanthu. Chinali chidindo cha chala changa.

Ndiyeno, poti ndinkafuna aone kuti sindiona chithunzi chokha koma munthu yense, ndinatsitsa mawu, kuika nkhope yachifundo, n'kunena kuti ngati wodwalayu ndi mwamuna, ayenera kukhazikidwa pansi n'kuuzidwa mwaulemu kuti akhoza kuvutika kubereka, chifukwa michira ya mbewu yake imapangidwa mofanana ndi tiubweya tija.

Mnyamata uja anali ataweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulemba notsi.

Bambo wa imvi anati, "Mwafotokoza bwino kwambiri. Tatiwerengeraninso dzina lili pakonapo."

Zilembo zinali zoyang'ana kumbuyo. Ndinayandikitsa nkhope, kuyamba chilembo chimodzichimodzi, mokweza, pamaso pa anthu atatu amene agwira tsogolo langa m'manja. Nditafika pakati ndinamva kuti dzinali ndi lodziwika. Nditafika kumapeto ndinalizindikira.

Apa ndi pamene mukunamizana kwambiri, ndiye mvetserani bwino. Panali njira ziwiri. Yoyamba, kuvomera kuti munthu wofuna kukhala radiologist wapachika filimu chotembenuza. Yachiwiri, kuvomera kuti ndakhala moyo wanga wonse ndi mtima kumanja osadziwa. Ubongo wanga unayeza ziwirizi n'kuona kuti yachiwiri ndi yopepukirapo. Ndinakhala duu, cholembera chili m'mwamba, ndikufufuza mbiri yanga. Anzanga onse amene anandiika stethoscope pachifuwa pophunzira kupima, kodi ankamva chiyani? Kapena ankangovomera kuopa aphunzitsi? Chimfine chija chosatha cha chaka chatha? Ndinafika mpaka poitana nkhope ya mwana wathu m'maganizo n'kuyamba kuiyerekeza ndi yanga, mphuno payokha, makutu paokha. Makutu anandilimbitsa mtima. Mphuno inandikayikitsa.

Kenako ndinachita chimene dokotala aliyense wabwino amachita chithunzi chikasemphana ndi nzeru: ndinapima wodwala. Ndinalowetsa dzanja m'jekete, kumanja. Zii. Ndinakanikiza. Zii. M'mutu munabwera ganizo lakuti mwina waima, ndipo ndinadandaula kuti ndifa ndisanamve zotsatira. Ndinasuntha dzanja pang'onopang'ono kudutsa pansi pa tayi mpaka kumanzere, ndipo ndinaupeza, ukugunda gu gu gu mpaka batani la malaya kumanjenjemera. Ndinamwetulira. Ndinayang'ana pasikirini kuti ndiwauze nkhani yabwinoyi, ndipo pakalilole paja dzanja langa linali kumanzere kwa chithunzi. Kumanzere kwa chithunzi, mwa malamulo onse amene ndinaphunzira, ndi kumanja kwa wodwala. Mtima unasamukanso kachiwiri ndikuona.

M'pamene ndinafunsa, mwaulemu wonse, dzanja likadali m'jekete: "Pepani akuluakulu, kwa inu uko dzanja langali likuoneka mbali iti?"

Mayi uja anali atazimitsa maikolofoni yake, koma nkhope yake inkamveka. Bambo wa imvi anavula magalasi, kupukuta m'maso, n'kunena kuti, "Kumanzere kwanu, dokotala. Mwachira."

Tsopano tiyeni tikambe chilungamo. Zonse zimene ndinanena za situs inversus zinali zoona, palibe ndi chimodzi chomwe chimene buku lingatsutse. Vuto linali laling'ono chabe, lakuti wodwalayo analibe matendawo. Komanso filimu yotembenuzidwa ndi situs inversus yeniyeni zimafanana kwambiri, ndipo chimene chimazisiyanitsa msanga ndi kachilembo ka pakona kaja. N'chifukwa chake phunziro loyamba limati usanayang'ane mapapo yang'ana dzina, tsiku ndi chilembo cha mbali. Bambo wa imvi anandikumbutsa zimenezi mofatsa, ndipo ndinalemba papepala ngati ndazimva koyamba. Koma kulakwitsa koopsa kwenikweni ndi kwa munthu amene waona situs inversus yeniyeni n'kuganiza kuti wojambula anasokoneza chilembo, n'kutembenuza chithunzi kuti chioneke ngati cha aliyense. Ameneyo akhoza kutumiza mpeni kumbali yolakwika. Ine ndinalakwira kumbali yosamala. Wovulala anali mmodzi yekha, ndipo anali atavomera kale.

Nditatseka kompyuta ndinapeza mayi a kunyumba ataima pakhomo, manja m'chiuno. Anali pamenepo chiyambire.

"Bambo a mwana, ndamva mukuuza anthu a ku America kuti simubereka. Nanga uyu wagona m'chipindamu ndinamutola kuti?"

Ndinayesa kufotokoza za tiubweya. Sizinathandize. Ndinayesa mbiri: ndinati Wilhelm Röntgen, atatulukira ma X-ray ku Würzburg mu Novembala 1895, chithunzi chake chotchuka chinali cha dzanja la mkazi wake, mphete ili pachala, ndipo mu 1901 analandira mphoto ya Nobel. Ndinati mwina chinsinsi chake n'chakuti mwamuna asamaonetse mafupa ake, ndiye ulendo wina ndiika filimu yawo. Anandiyankha kuti mafupa awo sakufuna ntchito ku America, n'kutenga foni kuyamba kuimbira alongo awo. Kuchokera pamenepo nkhani inafika kwa inu.

Amene mukuti malo amenewo andiika kumchira kwa mndandanda wawo, dikirani. Mu Match ya NRMP, njira yogawira malo ophunzirirawa, ine ndimandandalika mapulogalamu mmene ndikuwafunira, iwonso amandandalika ife, kompyuta n'kulumikiza, ndipo palibe amene amaona mndandanda wa mnzake. Zotsatira zimatuluka mu Malichi: Lolemba umauzidwa ngati wapeza malo, Lachisanu umauzidwa kuti ndi kuti. Akuluakulu aja aona nkhope zambirimbiri zonena kuti zimakonda radiology chifukwa ndi diso la chipatala. Akadzakhala pansi kuti akumbukire, ambiriwo adzasakanikirana m'mutu. Ine sadzandisokoneza ndi wina aliyense. Kalata yowathokoza ndinatumiza tsiku lomwelo, ndipo sindinatchulemo za diso.

Intavyu ina ili Lachinayi. Filimu inachotsedwa popanda kundifunsa, sikirini inabwerera kwa mwini wake, ndipo pamalo pake mayi a kunyumba aikapo duwa la mumphika, lamasamba aatali osongoka okhala ndi mizere yachikasu m'mbali. Ngati wina akulidziwa dzina anditumizire lisanafike Lachinayilo, chifukwa anthu ajawa amafunsa.