Ndowe zamakona

Abale, ndili pa depoti pano pa Kasungu, minibasi sikudzaza, ndiye ndimangosuzumira pa Facebook. Ndakumana ndi kanyama ka ku Australia kotchedwa wombat. Ndowe zake zimatuluka zamakonamakona ngati tinjerwa! Ndaseka mpaka mayi amene ndakhala nawo pampando afunsa kuti, "Achimwene, kwagwanji?"

Chandimaliza n'chakuti anthu ophunzira anakhaladi pansi n'kufufuza matumbo a kanyamaka. Anapeza kuti mbali zina n'zolimba, zina n'zofewa, ndiye ndowe zikamauma m'katimo zimaumbika makona. Mu 2019 anawapatsa mphoto ya Ig Nobel, ija ya kafukufuku woseketsa. Aiyenera ndithu.

Nanga za mbuzi zimabulungira bwanji? Inu a ku Santhe ndi Chamama, mbuzi muli nazo, tatiuzani.