Shawa ya m'galimoto ya alamu

Alamu anafika kuchokera ku Johannesburg ndi galimoto ya bedi, khitchini ndi shawa mkati, n'kuiimika pabwalo pathu ku Chilomoni. Munali mu July, chiperoni chitaphimba Michiru yense, magetsi atathima. "Alamu, siyani makalawo, kasambeni mwachibwana."

Masamu anandipatsa pakhomo pomwe. Thanki ya madzi otentha ndi ya malita 10, gasi amawafikitsa madigiri 60. Ukasakaniza theka ndi theka ndi ozizira a madigiri 15, upeza malita pafupifupi 20 a madigiri 38. Shawa imatulutsa malita 6 pa mphindi, ndiye mphindi zitatu basi. Nyowetsa thupi, dina batani la pamutu wa shawa kuti madzi aime, dzola sopo, dinanso.

Ndinatsatira zonse bwinobwino. Koma batanilo limatseka kumutu kokha, mipope iwiri, wa otentha ndi wa ozizira, imakhala yotsegulabe, madzi ake akukumana kumbuyo. Ndikuthovutsa sopo, gasi anali akuyakabe, madzi a m'thanki akufufuma ndi kutentha n'kukankhira m'paipi ya ozizira. Nditadinanso, mapaipi onse awiri anandilavulira moto. Madzi a madigiri 60 amawaula khungu m'masekondi owerengeka, ndipo bafalo n'lothina ngati mpando wakumbuyo wa minibasi ya ku Limbe. Kothawira kulibe. Chigongono chinagunda chitseko, mutu unagunda denga, galimoto yonse gwedegwede.

Ndikuti ndakonza, achemwali anatsegula mpope wa kukhitchini ya m'galimotomo kutsuka makapu. Pampu ndi imodzi, ya mavoti 12, ndipo imayaka yokha mphamvu ya madzi ikatsika. Inayamba kudukizadukiza, trrr, zii, trrr, zii, ine n'kumalandira otentha, ozizira, otentha, mpaka malita 10 aja anathera m'makapu. Anatsala a chiperoni eniake.

"Achemwali, tsekani mpope!"

"Mwati nditsegulitse?"

Ndinatuluka sopo ali m'maso, nditakulunga katani ya pawindo, n'kupeza amayi a Mvano atakhala pamkeka, abwera kudzalonjera alendo. Amayi ena achikulire anangoti, "Mwaswera bwanji bambo," maso ali kumtengo wa mapeyala.

Alamu misozi ili chuchuchu ndi kuseka, ndipamene akutchula zomwe galimoto yawo ilibe. Pamafunika vavu yoletsa madzi kubwerera pa paipi iliyonse isanafike pa mpope wa shawa. Pamafunikanso mikisala (chosakanizira madzi) ya thermostat yotchera pa madigiri 38, yomwe imachepetsa yokha otentha ozizira akafooka, ndi kathanki ka mpweya pafupi ndi pampu kothetsa kudukiza kuja. Pomwe zonsezi palibe, ukadinanso batani uziloza mutu wa shawa pansi kaye mpaka madzi akhazikike.

"Nanga izi osandiuza poyamba bwanji?"

"Alamu, ine ndimasambira pa ndowa."