Marius anapulumutsa Roma koma mpando anakanika kuusiya

Tikamakamba za Aroma akale ambiri amangothamangira kwa Julius Caesar basi, koma ine amene amandikhudza kwambiri ndi Gaius Marius, amuna awo a Julia, azakhali ake a Caesar yemweyo. Mkuluyu sanali wa m'mabanja a mabwana a mu Roma ayi, anabadwira ku Arpinum cha m'ma 157 BC, katauni kakang'ono chabe, ndipo kwawo kunalibe anakhalapo consul, udindo waukulu uja womwe ankasankhira anthu awiri chaka ndi chaka. Anakwera ndi usilikali.

Mwayi wake unatulukira ku Africa kuno, pa nkhondo yolimbana ndi Jugurtha mfumu ya Numidia, komwe lero kuli Algeria. Anapitako ali pansi pa Metellus, mkulu wa asilikali a Roma pa nkhondoyo, kenako anabwerera ku Roma kukachita kampeni akunena kuti mabwanawa akuikoka dala nkhondoyi, anthu anamumvera n'kumusankha kukhala consul wa 107 BC. Apa ndipomwe anachita zomwe ena sanazikonde, analemba usilikali amphawi opanda munda, opanda kalikonse, pomwe mwambo unali woti msilikali azikhala ndi kachuma kake. Jugurtha anagwidwa mu 105 BC, ataperekedwa ndi Bocchus mfumu ya Mauretania, koma amene anakamulandira m'manja anali Sulla, wachinyamata wogwira pansi pa Marius. Chidani chawo chinamera pamenepo.

Ndiye kunabwera zoopsa zenizeni. Ma Cimbri ndi ma Teutones, mitundu ya anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya, anali atapulula asilikali a Roma ku Arausio, komwe lero kuli France, chaka chomwecho cha 105 BC, mzinda wonse uli njenjenje, mpaka anamusankha Marius kukhala consul zaka zisanu zotsatizana, 104 mpaka 100 BC, zomwe mwambo wawo sunkalola. Ndipo ntchito anaigwiradi abale, asilikali ankawasenzetsa okha katundu wawo mpaka anthu kumawatcha nyulu za Marius, mu 102 anaphwanya ma Teutones ku Aquae Sextiae, chaka chotsatira ma Cimbri ku Vercellae ali limodzi ndi Catulus, mtsogoleri mnzake wa asilikali. Apa ulemu ndimamupatsa wonse.

Chondiwawa ndi 88 BC. Munthu wakalamba, zaka pafupifupi 70, thupi likukana, koma akulimbirabe kuti nkhondo yolimbana ndi Mithridates, mfumu ya Pontus komwe lero kuli Turkey, ayendetse iyeyo, pomwe akuluakulu a boma anali ataipereka kale kwa Sulla. Anagwirizana ndi Sulpicius, mtsogoleri woimira anthu wamba, n'kusintha lamulo kuti nkhondoyo aipatse Marius, Sulla naye osagonja, anatenga asilikali ake n'kulowa nawo mu Roma momwe, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Marius anathawa, anamugwira akubisala m'madambo a ku Minturnae, anapulumuka n'kuwolokera ku Africa. Bwenzi atangokhala komweko.

Koma ayi, mu 87 BC anabweranso ndi Cinna, consul yemwe ankadana ndi Sulla, mtima utadzadza mkwiyo, ndipo kwa masiku angapo anthu ankangophedwa m'misewu, mitu ya akuluakulu kumaipachika pabwalo lalikulu la mumzindawo lotchedwa Forum. Catulus yemwe uja anamenya naye limodzi nkhondo ku Vercellae anachita kudzipha ataona kuti sapulumuka. Mu Januwale 86 BC Marius anakhala consul kachisanu ndi chiwiri, pa 13 mwezi womwewo anamwalira, ndipo Sulla atabwerako kunkhondo analamula kuti mafupa ake afukulidwe n'kutayidwa mumtsinje wa Anio.