Loweruka: alendo a mvula afika

Mvula ya usiku inasiya dothi likununkhira. Ndinadzuka kusanache n'kukatenga mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ku Bauleni, kenako tinatsata msewu wa Leopards Hill kulunjika ku Lusaka National Park. Iye amafuna ana a njovu, koma ine mtima unali pa mbalame, poti Novembala ndi mwezi umene zija zochokera kumpoto, kunkhalango zonyowa za ku Congo ndi madera ozungulira, zimafika kuno kudzaswa.

Pakiyi inatsegulidwa mu 2015, ndipo ndi imodzi mwa mapaki aang'ono kwambiri a m'Zambia. Mbidzi ndi nyumbu tinaziona tisanapite patali, nyamalikiti nayo inatisuzumira pamwamba pa mitengo. Nkhanga zinali yakaliyakali m'mbali mwa msewu kutola inswa zimene zinathothoka mapiko usiku.

Titaima pamalo ololedwa kutsika, ndinamva kulira kumene ndakhala ndikukudikira chiyambire chilimwe: liwu limodzi lakuthwa, kenako kunjenjemera kwa mawu kotsika pang'onopang'ono. Ndinamugwira phewa mphwanga kuti akhale phee. Inali pa nthambi youma ya mombo, mbalame imene mabuku amaitcha woodland kingfisher. Msana ndi mchira zobiriwira mowala ngati thambo la masana, chifuwa chotuwa, mlomo wapamwamba wofiira piriwiri koma wapansi wakuda. Inzake itafika, zonse ziwiri zinatambasula mapiko n'kumatembenuka uku ndi uku pa nthambipo, kuonetsana zoyera za kunsi kwa mapiko. Kenako imodzi inagwera pansi, psiti, n'kubwera ndi chiwala. Inachimenyetsa pa nthambi kangapo isanachimeze.

"Amalume, nanga nsomba ikazipeza kuti kuno kopanda mtsinje?"

Ndinamuuza kuti mtundu uwu sudalira nsomba. Umadya ziwala, tizilombo tina ndi abuluzi, ndipo umaikira mazira m'mphako za mitengo, kawirikawiri zimene anaboola gogomole. Apa ndi pamene mtima umandipweteka. Mphako sipezeka mu mtengo wa dzulodzuloli, imafuna mtengo wokalamba. Tsono m'mbali mwa msewu umene tinadzera muja, malo amene ndinakula ndikuwadziwa ngati tchire lero ndi mipanda ya njerwa, ndipo wogula poloti aliyense amayamba ndi kugwetsa mitengo yonse asanakumbe ndi maziko omwe. Mbalame yauluka mtunda wonse uja, ifike ipeze chitsa. Sindikuletsa anthu kumanga, tonse tikufuna pogona, koma mtengo umodzi waukulu pakona ya poloti sungalepheretse nyumba.

Chapatali red-chested cuckoo inkalira mawu ake atatu osalekeza. Imeneyi kuiona n'kovuta, imabisala m'masamba, ndipo chisa simanga: imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina kuti imulerere. Mphwanga anati imeneyo ndi yaulesi, ndipo sindinamutsutse. Paradise flycatcher yamphongo ndiyo inamusangalatsa, mchira wake wautali wofiirira ukuweyula pamene inkathamangitsa ntchentche pakati pa nthambi.

Masana tinapita kukaona ana a njovu amasiye. Malo owalererawa anasamukira m'pakiyi mu 2022 kuchoka ku Lilayi, ndipo akakula amawapititsa ku Kafue National Park kuti akazolowere tchire. Anabwera chothamanga, aliyense kwa womusamalira wake, botolo la mkaka n'kutha m'kanthawi kochepa. Kamodzi kanagudubuka m'matope mpaka maso okha ndiwo ankaoneka. Mnyamata sanafune kuchokapo.

Pobwerera tinagula masuku kwa amayi ena m'mbali mwa msewu.

"Sankhani ofewa awa, bambo, enawo muwasunge mpaka Lolemba."

Tikudya m'galimoto ndinamufotokozera kuti chipatso chomwechi n'chimodzi mwa zimene zimakokera mileme ikuluikulu yodya zipatso ku Kasanka National Park, m'boma la Chitambo, cha ku Serenje. Imayamba kufika kumapeto kwa Okutobala, yambiri kuchokera cha ku Congo, n'kukhala mpaka Disembala. Ndi mamiliyoni, ndipo yonse imagona m'kankhalango kamodzi kakang'ono ka m'dambo, mpaka nthambi zimathyoka ndi kulemera. Dzuwa likamalowa imanyamuka kukadya, n'kumamwaza mbewu za mitengo kutali kwambiri.

Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza. Tagwirizana kuti akamaliza mayeso ndikamupempha kwa amayi ake, tikwere basi ya ku Serenje pa siteshoni ya Intercity kumayambiriro kwa Disembala mileme isanabwerere. Ndafika kunyumba nsapato zili matope okhaokha, ndipo mawa ndiyambe kufunsa za mitengo ya malo ogona.