Tsiku limene ndinabereka kompyuta mpaka ku Limbe

Ndamva kuti alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi pa Chitakale, akuthiramonso mchere wawo, ndiye bola ndiinene ndekha. Inde, ndinabereka kompyuta pa chitenje. Koma zoti ndinalira ndi bodza, unali utsi wa minibasi.

Zida zomangira kompyutayi ndinasankha mwanzeru, pamenepo musanditsutse. Ndalama ya chipeleganyu sinali yomwazira pa timagetsi tophethira. Ndinagula purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600, motherboard (bolodi lolumikizapo zida zonse) ya B550, RAM (memori) ya DDR4 ziwiri za 8GB, ndi graphics card (chida chopanga zithunzi za pa sikirini) ya RX 6600 yogwirapo kale ntchito. Ndalama yambiri inathera pa card chifukwa pa magemu ndi imene imasenza katundu. Mnzanga wina ankati ndigule purosesa ya 5600G. Ndinamuseka, n'kumuphunzitsa kuti yanga ili ndi cache (kamemori kothamanga ka m'kati mwa purosesa) ya 32MB, yakeyo 16MB yokha, ndipo G ameneyo akungotanthauza kuti ili ndi graphics m'kati mwake, zomwe ine wa card sindikuzifuna. Ndinanena zimenezi ndi pakamwa pangapa, anthu akumva.

Nditalumikiza zonse ndinadina batani. Mafani anazungulira bwinobwino, koma sikirini ili bii! Masiku atatu. Ndinazula RAM n'kubwezeretsa kakhumi. Ndinanamizira magetsi. Kenako ndinaganiza kuti ndi chinyezi cha chiperoni, dzuwa litatuluka ndinakayanika card pamphasa, pambali pa makaka a amayi. Amayi anaiyang'ana n'kufunsa, "Iwe, chimenechi chikauma tisinja?"

Zitakanika ndinaganiza zopita nayo kompyutayo ku shopu ku Limbe. Katoni yake inali itasanduka chisa cha nkhuku yofungatira, ndipo amayi anakanitsitsa kuisamutsa. Pa kabaza bokosi lachitsulo la kompyutalo silimagwirika, ndiye mlongo wanga anandiberekesa kumbuyo, mfundo n'kumanga pachifuwa. Munthu wandevu zanga.

Mu minibasi ndinaifukata pamiyendo, yofundikabe. Kondakitala anangoti, "Achimwene, mwana wamkulu chonchi amalipira." Ndinalipira. Agogo ena amene ndinakhala nawo pafupi anausa moyo, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Pepani bambo, wayamba liti?" Ine osaganiza ndinati Loweruka. "Akudya?" Ndinati moto akulandira koma sakuonetsa chilichonse. Agogo anagwira pakamwa. Anasisita chitenje chija, dzanja linagunda kona yachitsulo, analibweza msanga, koma ulemu sanautaye. "Mafupa okhaokha," anatero. Galimoto itadumpha pa hampu ya pa Nkando ndinadzimva ndikuti "shii, shii" uku ndikuigwedeza. Mayi wina kumbuyo anayamba kupemphera. Pamenepo ndikanaulula bwanji? Ndinangoti ameni.

Ku Limbe mwini shopu anali pa tchipisi, sanadzuke n'komwe. Anaitana kamnyamata koti mwina kali Sitandade 7. Kanandifunsa mwaulemu, "Ankolo, chingwe cha HDMI, chopita ku sikirini chija, mumalowetsa pati?" Ndinaloza pamwamba, pa motherboard. Kanayang'ana ine, kanayang'ana bwana wake, kenako kanatsitsa chingwecho pansi pang'ono, mtunda wosakwana chikhatho, n'kuchilowetsa pa card. Sikirini ngwee! Bwana uja tchipisi inamutsamwa.

Purosesa yopanda graphics situlutsa chithunzi kudzera pa motherboard. Ndinkadziwa. Ndinali nditaphunzitsa munthu. Komabe tanenani chilungamo, bowo lija lili pamwamba, poonekera, chingwe chimalowa kuti tswii ngati kwawo, pamene mabowo a card ali pansi kumdima. Aliyense akanalowetsa pomwepo. Komanso kamnyamatako kamaona zimenezi tsiku lililonse, si kuti ndi kanzeru kuposa ine.

Sanandilipiritse. Anangopempha kuti ndiiberekenso andijambule. Ndinakana, ngakhale chithunzi chomwe chikuyenda pa WhatsApp chikuoneka ngati ndinavomera.

Pobwerera ndinalipiranso mipando iwiri. Ndinafika kunyumba magetsi atazima, ndipo chitenje chinang'ambika pakona paja. Amayi akuti chinali cha ku ukwati wa azakhali, akufuna china.