Yohane anafunsa ali m'ndende, a ku Kapernao sanafunse kanthu

Mateyu 11 ambirife timangomudziwa kumchira. "Idzani kuno kwa Ine nonsenu akulema ndi akuthodwa, ndipo Ine ndidzakupumulitsani inu." Mawuwa tawamva pa siwa, tawamva m'zipatala pa nthawi yoona odwala, ndipo ana a kalasi amene ndimaphunzitsa Loweruka masana amawaloweza msanga kuposa vesi lina lililonse. Mwezi uno anandipatsa kuti nditsogolere phunziro la kumlaga kwathu, choncho ndinauyamba mutuwo pa vesi loyamba. Mpumulo uja uli pa vesi 28. Musanafikepo mumadutsa kaye pa mlaliki amene wayamba kukayika, kenako pa midzi itatu imene sinalape.

Wokayikayo ndi Yohane Mbatizi, yemwe uja analoza Yesu nati, "Onani Mwanawankhosa wa Mulungu." Herode Antipa anamutsekera chifukwa chomuuza m'maso muli gwa kuti sikuloledwa kukwatira Herodiya, mkazi wa mbale wake Filipo. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda, amati Yohane anamusunga ku Machaerus, linga la pamwamba pa phiri kum'mawa kwa Nyanja ya Mchere, m'dziko limene lero ndi Jordan. Munthu wozolowera kuyenda m'chipululu, wodya dzombe ndi uchi wakuthengo, tsopano wangokhala pakati pa makoma.

Tikumbukenso zimene ankalalikira. Ankati nkhwangwa yaikidwa kale pa mizu ya mitengo, ndipo wakudzayo ali ndi chouluzira m'manja, tirigu alowe m'nkhokwe, mankhusu apse. Ndiye ali m'ndendemo akumva kuti Yesu akudya ndi amisonkho, Herode akadali pampando akuchita madyerero, nkhwangwa ija osaoneka. Anatuma ophunzira ake ndi funso losazungulira: kodi wakudza uja ndinu, kapena tiyembekezere wina?

Yesu sanamukalipire. Anati kamuuzeni zimene mukumva ndi kuona: akhungu akupenya, opunduka akuyenda, akhate akukonzedwa, ogontha akumva, akufa akuukitsidwa, aumphawi akulalikidwa Uthenga Wabwino. Wodziwa Yesaya amva msanga kuti awa ndi mawu a m'mutu 35 ndi mutu 61. Koma Yesaya 61:1 amanenanso za kumasulidwa kwa am'nsinga, ndipo Yesu anawerenga chigawo chimenecho mokweza m'sunagoge ku Nazarete, monga Luka 4 amanenera. Kwa Yohane sanachitumize. Ine ndimakhulupirira kuti Yohane, mwana wa wansembe, anazindikira chimene chasiyidwa, ndipo anamva kuti chitseko chake sichitseguka. Mwina n'chifukwa chake uthengawo unatha ndi mawu akuti wodala iye amene sakhumudwa chifukwa cha Ine.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi chotsatira. Amithengawo atangonyamuka, Yesu anatembenukira khamu n'kuyamba kumutama Yohane. Si bango logwedezeka ndi mphepo ameneyu, anatero, ndipo mwa obadwa mwa akazi sanauke wamkulu womposa. Anamuchitira umboni wotere tsiku lomwelo limene munthuyo wafunsa ngati sanalakwitse poloza.

Chaka chatha tinaika mnyamata wa kabaza amene anagundidwa ndi galimoto m'mawa akupita kukagwira ntchito. Mayi ake, munthu wosajomba kutchalitchi, analira kumanda kuti, "Mulungu, munali kuti? Ndinkapempherera chiyani ine?" Amayi anzawo anawagwira pakamwa. "Iyayi mayi, musatero, mukuchimwa. Mulungu salakwa." Ndikudziwa kuti ankafuna kuwathandiza, ndipo pa maliro munthu umayankhula chimene chabwera. Komabe funso la mayiwo silikusiyana ndi la Yohane, ndipo analilunjikitsa kumene Yohane analunjikitsa lake. Sanapite nalo kwa sing'anga kukafufuza amene walodza mwana. Analiponya kwa Mwini wake.

Ukali wa Yesu m'mutuwu wagwera kwina. Kuyambira vesi 20 akudzudzula Korazini, Betsaida ndi Kapernao, midzi ya kumpoto kwa Nyanja ya Galileya, chifukwa kumeneko ndiko anachita zamphamvu zake zambiri koma sanalape. Betsaida kunali kwawo kwa ophunzira a Yesu, Filipo, Andreya ndi Petro. Ku Kapernao n'kumene Yesu anakhazikika atachoka ku Nazarete. Anachiritsa mpongozi wake wa Petro, anachiritsa wantchito wa kenturiyo, ndipo tsiku lina anthu anadzaza nyumba mpaka amuna anayi anachita kusasula denga kuti atsitse wodwala manjenje. (Za ku Korazini Mauthenga onse anayi sanalembe chozizwa ngakhale chimodzi, dzinalo limangotuluka m'chidzudzulo chimenechi.) A ku Nazarete anafuna kumuponya kuphompho, koma pa mndandandawu palibe. Pali midzi imene inkamulandira, kumuthamangira, kudabwa, kenako n'kubwerera ku maukonde ndi ku msika ili chimodzimodzi. Kwa iyo Yesu anati Turo ndi Sidoni akanalapa kale m'ziguduli ndi m'phulusa, ndi kuti Sodomu akanakhalapo mpaka lero.

Kulapa kumene ankakufuna sikunali misozi ya pa chitsitsimutso. Yohane anakufotokoza bwino pa Luka 3 anthu atamufunsa kuti tichite chiyani. Wa malaya awiri agawireko wopanda. Wamsonkho asalipitse kuposa chimene analamulidwa. Msilikali asalande za anthu moopseza, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro ake. Zonsezi ndi za m'thumba ndi za kuntchito. Ndakhala m'bwalo la mpingo zaka zambiri, ndipo milandu imene imafika patebulo ndi yomweyomweyo: mtsikana wapezeka ndi pakati, bambo waledzera, uje wapita kwa sing'anga. Sindinaonepo munthu ataitanidwa chifukwa chokongoza ndalama mwa katapila, kapena chifukwa chobera alimi pa sikelo pogula soya, kapena chifukwa cholanda mayi wamasiye malata ndi mbuzi mwamuna wake atangoikidwa. Oterewa amakhala kutsogolo, amayimba bwino, amapereka bwino pa pepa sande, ndipo sakayika za Mulungu ngakhale pang'ono. Alibe chowakayikitsa. Ife timathamangira kutseka pakamwa mayi wolira, pamene Kapernao wakhala phee pa benchi loyamba.

Ndiye pofika pa vesi 28 munthu umayamba kuona amene akuitanidwa. Akulema ndi akuthodwa. Mateyu yemweyo pa 23:4 akunena za alembi ndi Afarisi amene amamanga akatundu olemera n'kusenzetsa anthu, iwo osafuna kuwasuntha ndi chala chomwe, ndipo mutu 12 ukungoyamba ndi mkangano wa ophunzira anjala amene anabudula ngala za tirigu pa Sabata. Ena mwa otopawo ndi anthu amene chipembedzo chenichenicho chawatopetsa.

Komanso Yesu sakuti bwerani mudzagone. Akuti, "Senzani goli langa, ndipo phunzirani kwa Ine." Kwathu kumudzi malume anali ndi ng'ombe za ngolo, ndipo ankataya tsiku lathunthu akusema ndi kupala goli. Ankati goli lokhota limatupitsa khosi, ng'ombe imayamba kukana ntchito ngakhale ngolo ilibe katundu, pamene losemedwa bwino imakoka nalo matumba kuchokera kumunda mpaka kunyumba osavutika. Katundu amakhalapo ndithu. Chasintha ndi amene wasema goli, ndipo pano wosemayo akudzitchula wofatsa ndi wodzichepetsa mtima.

Apa ndimasiyana ndi alaliki ena a pa wailesi amene amawerenga vesili ngati lonjezo lakuti ngongole zitha, matenda achoka, ndipo viza ituluka. Yohane sanatuluke ku Machaerus. Mutu 14 ukutiuza kuti pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Herode, mwana wamkazi wa Herodiya anavina, mfumu inalumbira mopusa pamaso pa alendo, ndipo mutu wa Yohane unabwera m'mbale. Ngati mpumulo utanthauza kutha kwa mavuto, ndiye kuti wamkulu woposa onse obadwa mwa akazi anaumanidwa. Ine sindikhulupirira choncho. Anapatsidwa yankho lokwanira kuti adziwe kuti sanaloze munthu wolakwika, ngakhale silinali yankho limene ankalifuna.

Mayi a mnyamata wa kabaza uja analipo pa phunziroli. Sanayankhule mpaka kumapeto, pamene anafunsa chifukwa chake Yesu, amene anaukitsa mwana wa mayi wamasiye wa ku Naini, sanapite yekha kukamuona Yohane kundende. M'chipindamo munalibe amene anayankha, ndipo ulendo uno panalibenso amene anawagwira pakamwa. Lachinayi likubwerali tipitiriza ndi mutu 12. Mayiwo anati abweranso ndi funso lina, ndiye ndawauziratu abusa kuti asadzapite kwina.