Zikomo nonse, lero ndamaliza seshoni ya 12

Abale anga, lero ndatuluka m'chipinda cha aphungu anga a zamaganizo komaliza. Ndinakhala kaye pa benchi panja kanthawi ndithu misozi ikungotsika yokha, koma sinali ya mantha ija ayi, ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze anthu amene mwandinyamula chaka chonsechi.

Ambiri mukudziwa za ngozi ya galimoto ija. Mwendo unapola, zilonda zinauma, aliyense nkumati wapulumuka, ndipo zoonadi ndinapulumuka. Chimene sindinkanena nchakuti kwa ine ngoziyo imachitikanso usiku uliwonse. Ndikangotseka maso basi phokoso la mabuleki, fungo la matayala opserera, nkudzidzimuka thukuta lili kamukamu. Chitseko chikamenyeka ndimalumpha, galimoto ndinasiya kukwera, pamalo paja ndimazemba olo njira italike bwanji, ana ndimawakalipira pa tinthu tating'onoting'ono kenako nkukadzitsekera kuchipinda kulira. Ndinkaona ngati mutu wayamba kusokonekera ndipo manyazi ndi amene ananditseka pakamwa.

Oyamba kuwathokoza ndi inu achemwali anga. Simunandifunse zambiri, munangobwera kudzagona kwathu masiku angapo, munamva nokha mmene ndimakuwira kutulo, m'mawa mwake munati vala tizipita kuchipatala. Ndinakukwiyirani tsiku limenelo, mundikhululukire. Chibale ndi fupa sichiola, ndaziona ndi maso anga.

Adokotala amene tinawapeza, zikomo. Munandimvetsera osayang'ana wotchi, kenako munatchula dzina la chinthucho, PTSD. Munandifotokozera kuti munthu akadutsa pakamwa pa imfa nzosadabwitsa kuvutika masabata oyambirira, koma zikapitirira mwezi, maloto oipa, kuzemba chilichonse chokumbutsa, kukhala tcheru ngati ngozi ikubweranso, pamenepo ndi matenda odziwika ndipo ali ndi chithandizo chake. Kungomva kuti zili ndi dzina mtima unatsikako pang'ono.

Koma nkhani inadzavuta pa ndalama. Ine inshulansi ya zaumoyo ndili nayo kudzera kuntchito, amadula mwezi ndi mwezi, ndiye ndinaimba foni nkufunsa ngati amalipira uphungu, yankho linali lalifupi, ayi. Ndinakhulupirira. Ndinapeza mlangizi wina nkumalipira za m'thumba, ndipo sindikuwanyoza, anali munthu wabwino, koma za trauma, mabala a m'maganizo obwera ndi zoopsa, sanaziphunzire. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti ndifotokoze ngozi yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndinatuluka ndikunjenjemera, usiku umenewo sindinagone olo pang'ono. Ndinapitako katatu, ndalama nkutha, ine nkusiya. Ndinati basi ndizingokhala nazo.

Apa ndi pomwe panabwera mnzanga wa kuntchito amene timakhala desiki moyandikana. Asisi, inu ndilibe nanu mawu. Munatenga chikalata chonse cha inshulansi chija, chamasamba ambirimbiri chimene ine sindinachitsegulepo chilowereni ntchito, nkuchiwerenga mzere ndi mzere nthawi ya lanchi. Munapeza kuti chithandizo cha matenda a maganizo chilimo, kungoti chili ndi limiti yake pa chaka komanso malamulo ake. Ine ndinafunsa za uphungu wamba, iwo nkundiyankha za uphungu wamba. Chimene amafuna ndi kalata ya dokotala yonena matendawo ndi nambala yake, ya PTSD ndi F43.1 m'buku la matenda la ICD-10, chilolezo chawo chisanayambe chithandizo, komanso kuti katswiriyo akhale wa pa mndandanda wa anthu amene iwo amagwira nawo ntchito. Zinthu zitatu basi, koma palibe anandiuzapo.

Ndipo ndinene pano chifukwa zimandiwawa mpaka lero. Munthu amene akudwala zimenezi ndi amene alibe mphamvu zoimba foni kakhumi, kudikira pa laini, kufotokozera munthu wachilendo zomwe zinamuchitikira kenako foni nkuduka nkuyambiranso ndi wina. Ine foni ikangoyamba kuitana manja amanjenjemera. Dongosolo lotere limagwetsa anthu amene likuyenera kuwathandiza, ndipo ndikudziwa kuti alipo ambiri amene anasiyira panjira ngati mmene ndinasiyira ine. Mafoni ambiri anaimba ndi amuna anga ine nditakhala pambali kungotsimikiza kuti ndine mwini khadi. Bambo a ana, munapirira ukali wanga, munalemba m'kope tsiku lililonse lomwe taimba, amene talankhula naye ndi zomwe wanena, ndipo kope limenelo ndi lomwe linatipulumutsa.

Chifukwa ulendo woyamba a inshulansi anatikana. Tinapempha kuti chifukwa chake atilembere pa imelo, nkupeza kuti kalata ya adokotala inalibe chiwerengero cha maseshoni ofunika. Adokotala analembanso, tinachita apilo, ndipo mayi wina wa ku ofesi ya inshulansiko, dzina sinditchula, anaitsatira fayilo yanga mpaka inavomerezedwa, nkundiimbira yekha kundiuza. Mayi inu mwina simudzawerenga izi koma Mulungu akudalitseni.

Pa mndandanda paja tinaimbira angapo ndi funso limodzi lomwe adokotala anatiphunzitsa, kodi munaphunzira CBT yolunjika pa trauma kapena EMDR? Njira ziwirizi, CBT yothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe komanso EMDR yoyendetsa maso pokumbukira zoopsazo, ndi zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa mu 2013 pothandiza anthu a PTSD. Ena anayankha moona kuti ayi, ena malo anali odzaza, mpaka tinapeza aphungu angawa.

Iwowa sanathamangire ngozi ayi. Maseshoni oyamba tinangophunzira kupuma pang'onopang'ono, kuponda pansi mwamphamvu, kutchula zinthu zisanu zomwe ndikuziona m'chipindamo mantha akandigwira, kuti thupi lidziwe kuti lili pano osati pamsewu paja. Kenako ndi pomwe tinayamba EMDR, njira imene anayambitsa Francine Shapiro chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Umakumbukira kachidutswa ka zomwe zinachitika uku maso akutsatira zala za aphungu kumanzere kumanja, kenako mumaima, nkukufunsa chomwe chabwera m'maganizo, nkupitirizanso. Poyamba ndinkakayika kuti zala zingachize chiyani. Sizinali zophweka, masiku ena ndimabwerako wotopa ngati ndasenza miyala tsiku lonse. Koma chapakati penipeni ndinazindikira kuti ndikutha kukumbukira galasi likusweka mtima osathamanga. Chikumbukirocho chilipo, sichinafufutike, kungoti chabwerera kumbuyo komwe chinachitikira.

Limiti itatsala pang'ono kutha, aphungu anga munatalikitsa maseshoni kukhala kamodzi pa masabata awiri kuti otsalawo agwere m'chaka chatsopano cha inshulansi, ndipo kagawo kamene ndimawonjezera ndekha munandilola kulipira pang'onopang'ono. Simunandichititse manyazi pa nkhani ya ndalama olo tsiku limodzi. Zikomo kwambiri.

Abwana anga amene mumandilola kuchoka msanga tsiku la seshoni osafunsa kuti ndikupita kuti, zikomo. Amayi, mumaimba madzulo aliwonse a tsiku limenelo kungofunsa ngati ndafika bwino, poyamba simunkamvetsa kuti kuyankhula kungakhale mankhwala koma simunandiletse. Ana anga, pepani chifukwa cha masiku aja, amayi anu abwerera.

Amene mukudutsa zomwezi ndipo chikalata cha inshulansi chikukuzunguzani mutu, ndilembereni ku inbox tiwerengere limodzi, ndiuzeninso ngati mukufuna wokhala nanu pambali poimba foni.

Pobwerera lero amuna anga anafunsa kuti tidzere njira iti. Ndinati ya pamalo paja. Ndinakhala mpando wakutsogolo, manja anazizira pang'ono, ndinapuma mmene anandiphunzitsira, ndipo tinadutsa maso anga ali otsegula.